Mathero a sewero andidanitsa ndi mnzanga: kodi vuto ndi ine?

Funso

Zikomo akuluakulu. Ndine bambo wa zaka 31, ndimakhala ku Chilomoni. Mwezi wathawu ndamaliza kuonera Game of Thrones. Ndikudziwa kuti ndachedwa, anzanga anaonera kalekale, ine ndinkangozengereza mpaka alamu anga anandiikira masizoni onse pa flashi. Chandivuta ndi mathero ake. Daenerys amene ndinamukonda kuyambira pachiyambi anangotembenuka n'kuotcha mzinda wonse, Jon n'kumubaya, ufumu n'kupatsa Bran amene sanagwirepo lupanga n'komwe. Usiku umenewo sindinagone. M'mawa ndinalemba pagulu lathu la WhatsApp kuti olemba seweroli ndi mbava, anatibera nthawi. Mnzanga wa kusekondale anayankha kuti ndine amene sindinamvetse nkhani, zizindikiro zinalipo kuyambira kale. Tinayankhana moipa mpaka ndinamukumbutsa zoti analephera mayeso, kenako ndinatuluka pagulupo. Pano sitikuyankhulana. Mayi a kunyumba akuti ndikuchita chibwana polirira zinjoka za pa TV. Aka si koyamba, WandaVision inandikhumudwitsanso chimodzimodzi. Kodi vuto ndi ine kapena masewerowa? Nanga House of the Dragon ndiyambe kapena ndisadzivute?

Wowerenga wanu, ku Chilomoni

Yankho

Achimwene, mtima m'malo. Simunapenge, ndipo si inu woyamba kugona chagada n'kumayang'ana kudenga chifukwa cha mayi wa tsitsi loyera wokwera chinjoka. Owerenga ena amene simunaonere masewerowa dziwani kuti ndiulula zambiri, chifukwa funsoli silingayankhike mozemba.

Gawo lomaliza la Game of Thrones linaulutsidwa pa 19 Meyi 2019. Lisanatuluke n'komwe, anthu oposa 1 miliyoni anali atasaina kale chikalata cha pa intaneti chopempha kampani ya HBO kuti ijambulenso sizoni yonse yomaliza ndi olemba ena. Chiwerengerocho chinakwera mpaka kudutsa 1.8 miliyoni. HBO sinajambulenso kanthu, ndipo chaka chomwecho sizoni yonyozedwayo inapata mphoto ya Emmy ya sewero lopambana. Ndiye mkangano wa inu ndi mnzanuyo unagawa kale dziko pakati, simunauyambe ndinu.

Chimene chakupwetekani kwambiri ndi nthawi imene mwafikira. Anthu a 2019 anakwiya limodzi, anatukwana limodzi, mitima n'kuzizira limodzi. Inu mwabwera kudzalira maliro anthu atasesa kale. Mnzanuyo wakhala ndi zaka zambiri zoganizira nkhaniyi, mwina anaionanso kachiwiri, choncho amayankha ndi mutu wozizira pamene inu chilonda chinali chisanagone tsiku. Onjezani apo kuti magawo 73 amene ena anawaona pang'onopang'ono kuyambira 2011, inu mwawameza m'masabata ochepa. Munthu amene wakhala madzulo alionse ndi anthu omwewo, n'kumawalota usiku, akawachotsa mwadzidzidzi amamva kusowa kwenikweni.

Izi si zachilendo kwa ophunzira za maganizo a anthu. Mu 1956, akatswiri awiri a ku America, Donald Horton ndi Richard Wohl, analemba za ubale umene woonera amapanga ndi munthu wa pa TV, ubale wa mbali imodzi koma womveka mumtima ngati weniweni. Ine pa zaka zimene ndakhala ndikulemba masewero a pa wailesi ndi kuphunzitsa achinyamata kulemba nkhani, ndaziona ndi maso. Tikapha mtengambali wokondedwa, makalata ankabwera a anthu akuluakulu, ena aulemu wawo kumpingo, otifunsa kuti mwana wa eni anatilakwira chiyani. Wosewera wina amene ankatenga mbali ya mwamuna wankhanza anakalipiridwapo m'minibasi amayi ena atangomuzindikira mawu. Onsewa ankadziwa bwino lomwe kuti ndi sewero. Kudziwa sikuletsa mtima kumva. Pamenepa mayi a kunyumba sanalondole. Pamene alondola ndi pa nkhani ya mnzanu, ndipo tifikapo.

Tsopano mlandu weniweni: ndani akunena zoona, inu kapena mnzanu?

Mnzanuyo umboni ali nawo, ndipo ndi wambiri. Daenerys anaotcha Mirri Maz Duur wamoyo mu sizoni yoyamba. Atalanda mzinda wa Meereen anapachika eni akapolo 163 osafufuza kuti wolakwa ndani. Mu sizoni yachisanu ndi chimodzi anatsekera mafumu a Adothraki m'nyumba n'kuyatsa moto. Mu sizoni yachisanu ndi chiwiri anaotcha Randyll Tarly ndi mwana wake Dickon, akaidi ogwidwa pankhondo, chifukwa chokana kugwada, mlangizi wake Tyrion akumudandaulira kuti asatero. Bambo ake omubereka anali mfumu yamisala yokonda kuotcha anthu. Wonena kuti moto wa ku King's Landing, likulu limene analiotcha kumapeto, unangochokera kumwamba ndiye kuti amaonera akuwodzera.

Komabe ine ndili kumbali yanu kwambiri, pa chifukwa ichi. Onse amene Daenerys anawaotcha kale anali adani ake, ambiri mwa iwo anthu oipa, ndipo seweroli linkatiuza kuti tiombe m'manja. Nyimbo inkakwera, kamera n'kumuonetsa kuchokera pansi ngati mpulumutsi, akapolo omasulidwa akumunyamula m'mwamba. Kuchoka pa munthu wopha adani mopanda chifundo kufika pa munthu wootcha amayi ndi ana m'misewu, mzinda utagonja kale ndipo mabelu akulira, pali mtunda wautali. Mtunda umenewo ndi umene tinayenera kuyenda naye, ndipo olemba anaudumpha. Mu sizoni yomaliza, mtetezi wake Jorah anafa mu gawo lachitatu, chinjoka Rhaegal ndi mnzake wapamtima Missandei mu gawo lachinayi, moto n'kuyaka mu gawo lachisanu. Zinthu zokwanira sizoni yathunthu anazipanikiza m'magawo atatu. Mukadzaonanso gawo limenelo muonetsetse: akangoyamba kuotcha, kamera imatsikira kwa anthu othawa pansi ndipo nkhope yake sitiionanso bwinobwino. Pa mphindi imene tinkafunitsitsa kudziwa zimene zili m'mutu mwake, anatitsekera kunja.

Chiwerengero cha magawo chimadziululira chokha. Masizoni asanu ndi imodzi oyambirira anali ndi magawo 10 iliyonse. Yachisanu ndi chiwiri inali ndi 7, yomaliza 6. Pomwepo n'kuti mabuku a George R. R. Martin, amene olemba seweroli, David Benioff ndi D. B. Weiss, ankatsatira, atawathera m'manja, popeza buku lachisanu linatuluka mu 2011 ndipo seweroli linawapitirira mabukuwo. Olembawo anatsala ndi mitu ya zimene zidzachitike, opanda mnofu wa mmene zidzachitikire. N'chifukwa chake adani oopsa a kumpoto, amene tinawaopa kuyambira chithunzi choyamba cha seweroli, anathera mu usiku umodzi, womwenso ambiri anadandaula kuti sunkaoneka ndi mdima. N'chifukwa chake Jaime anabwerera kwa mlongo wake, mfumukazi Cersei, ngati zaka zonse za kusintha kwake sizinachitike. Za Bran ndiye ndimaseka ndekha: Tyrion anamusankha ponena kuti palibe wa mbiri yoposa yake, chonsecho olemba omwewo anamusiya panja sizoni yonse yachisanu osamuonetsa ngakhale kamodzi.

Ndimauza ophunzira anga kuti woonera amakhululuka ukamupweteka, chimene sakhululuka ndi kumudumphitsa. Taganizirani imfa ya Ned Stark mu sizoni yoyamba, kapena ukwati uja wa mu 2013 pamene Robb, mwana wa Ned, mkazi wake ndi mayi ake anaphedwa paphwando. Zimenezo zinawawa kuposa imfa ya Daenerys. Anthu anakuwa, ena anazimitsa TV, koma sabata yotsatira anabwerera ndipo anakokanso anzawo. Munthu ukayang'ana m'mbuyo unkaona wekha kuti Robb anaphwanya lonjezo la ukwati kwa Walder Frey, ndipo munthu ngati ameneyo sakanangozisiya. Chifukwa chinali poyera, ife tinangosankha kusachiona. Mu sizoni yomaliza zifukwa zinalipo pa pepala koma sanatipatse nthawi yoti tizimve.

Ndiye mukadzakumana ndi mnzanuyo mungamuuze kuti kumene nkhani inathera akunena zoona, koma njira yake anaidula. Anthu awiri angathe kugwirizana pamenepo popanda wina kutsika.

Za WandaVision ndi mlandu wina, ndipo apa ndikukomerani pang'ono chabe. Seweroli linatuluka pa Disney+ kuyambira Januwale mpaka Malichi 2021, magawo 9, limodzi pa sabata kupatula awiri oyamba. Pakati pa gawo ndi gawo panali masiku asanu ndi awiri oti anthu adzaze ndi zongoganizira, ndipo anadzazadi. Kachilombo kalikonse kouluka pazenera ankati ndi Mephisto, mdyerekezi wa m'mabuku a Marvel. Mtengambali wina, Monica, atatchula mnzake wina injiniya, anthu anati ameneyo ndi Reed Richards wa Fantastic Four. Evan Peters, amene anasewerapo Quicksilver m'mafilimu a X-Men, atagogoda pakhomo pa Wanda, mwini nkhaniyo, anthu analumbira kuti dziko la X-Men ndi la seweroli alumikizana. Pamapeto pake Mephisto sanabwere, injiniya anali munthu wamba, ndipo Evan Peters anali mnansi chabe dzina lake Ralph Bohner. Koma seweroli kuyambira pachiyambi linali la mayi woferedwa amene wakana kuvomereza, n'kumanga mudzi wabodza woti azikhalamo ndi mwamuna wake wakufa. Lonjezo limenelo analisunga mpaka kumapeto. Malonjezo enawo tinalonjezana tokha pa YouTube, kenako n'kukwiyira Marvel kuti sanawakwaniritse. Pa Evan Peters pokha ndikuvomereza kuti anatiputa dala, ankadziwa bwino zimene nkhope yake idzautse. Zinazo ngongole ndi yathu.

Muzidzifunsa funso limeneli nthawi zonse sewero likakukhumudwitsani: chimene ndikulirachi anandilonjeza ndi olemba, kapena ndinadzilonjeza ndekha? Mayankho awiriwa amafuna mankhwala osiyana. Loyamba ndi dandaulo loyenera, mulinene mokweza ngati mukufuna. Lachiwiri limatha mukangochepetsa kuonera mavidiyo olosera gawo lotsatira.

Palinso mkwiyo wina umene ndimauopa kuposa yonseyi, wobwereka. Pa YouTube, TikTok ndi Facebook pali anthu amene malipiro awo amadalira kuchuluka kwa oonera, ndipo anazindikira kalekale kuti vidiyo yotukwana sewero imayenda kuposa yoliyamikira. Ena amayamba kulinyoza lisanatuluke. Mukathera bandulo pa anthu otere, mumayamba kulankhula mawu awo ngati anu. Kudziyesa kwake n'kosavuta: kodi munakwiya gawo litangotha, kapena mutamva wina akukuuzani kuti muyenera kukwiya? Inu mwanena kuti simunagone usiku womwewo, choncho wa Game of Thrones ndi wanuwanu. Wa WandaVision ndikukayika.

Mkwiyo wobwerekawu uli ndi mbali yonyansa imene ife makamaka tiyenera kuidziwa. Mu 2022, The Rings of Power itatuluka, Amazon inachedwetsa ndemanga za oonera kwa maola 72 chifukwa cha khamu lolemba zonyoza, ndipo osewera akuda monga Ismael Cruz Córdova ndi Sophia Nomvete analandira mauthenga atsankho mpaka anzawo onse a m'seweroli anatulutsa chikalata chowaikira kumbuyo. Chaka chomwecho Moses Ingram wa mu Obi-Wan Kenobi anaonetsa poyera mauthenga achipongwe amene ankalandira, ndipo Steve Toussaint, amene mudzamuone mu House of the Dragon, anakumana ndi zomwezo atangolengezedwa. Madandaulo otere kawirikawiri amavala malaya a "asokoneza nkhani yoyambirira". Zimandimvetsa chisoni kuona achinyamata athu akubwereza mawu omwewo m'magulu, osadziwa kuti amene anawayambitsa chimamuwawa ndi khungu lofanana ndi lawo. Sewero lingakhale loipa, ndipo The Rings of Power ili ndi zofooka zake zenizeni, koma muzifufuza kuti mwini dandaulo chikumupweteka n'chiyani musanalinyamule.

Mwina mumadzifunsa ngati phokoso la oonera limasintha kanthu. Limasintha, koma pa zinthu zina zokha. Lucifer itathetsedwa ndi Fox mu Meyi 2018, okonda seweroli anasokosa mpaka Netflix inalitenga mwezi wotsatira. Star Trek inapulumukanso mu 1968 anthu atalemba makalata ochuluka. Kupempha kuti sewero lipitirire kumamveka chifukwa kumeneko kuli ndalama. Kupempha kuti mathero ajambulidwenso sikunaphule kanthu pa Game of Thrones, ndipo Sophie Turner, amene anasewera Sansa, ananena poyera kuti chikalata chija chinali chipongwe kwa anthu amene anagwira ntchito miyezi yambiri. Komanso olemba akamamvera oonera mopitirira, mkangano sutha, umangosamuka. Mu Arrow, Felicity anayenera kuoneka pang'ono chabe, koma anthu atamukonda anakula mpaka kukhala wokondedwa wa Oliver, mwini nkhaniyo. Laurel, chibwenzi chakale cha Oliver, ataphedwa mu 2016, gulu lina lonse linanyanyala kuti seweroli lagulitsidwa kwa gulu linzake. Okonda Merlin nawo mpaka lero amadandaula kuti anadikira masizoni asanu kuti Arthur adziwe za matsenga a mnzake, n'kudzadziwa mu gawo lomaliza, pa 24 Disembala 2012, ali pafupi kufa. Ine ndimaona kuti mathero amenewo anali abwino, ndipo ndikudziwa kuti owerenga ena andilembera.

Tibwere kwa mnzanu. Pa zonse mwalemba, chinthu chimodzi chokha ndi chimene chawonongeka zenizeni, ndipo si Westeros, dziko la m'seweroli. Iye anakuuzani kuti simunamvetse nkhani, mawu opweteka ndithu pagulu. Koma inu munachoka pa sewero n'kukakumba mayeso amene analephera, chinthu chenicheni cha moyo wake, pamaso pa anzanu onse. Kupepesa kuyambire kwa inu. Musapepesere pagulu, ndipo musalembe uthenga wautali. Muimbireni, kapena mukamupeze. Mupepese za mayesozo zokha, osaonjezera "koma nawenso". Maganizo anu pa Daenerys simukuyenera kuwabweza, amenewo sanalakwire munthu. Akakhala mnzanu weniweni adzatchula yekha mbali yake, ndipo akapanda kutchula tsiku limenelo musamukakamize. Kubwerera pagulu kudikire mpaka awirinu mutamvana.

M'tsogolomu, gawo likakupsetsani mtima, foni igone kaye. Lembani mawa. Ndipo mukamakangana muzikangana za chithunzi chenicheni, monga chifukwa chimene Jaime anabwerera, osati za nzeru za amene mukukangana naye. Mawu oti "sunamvetse" ndi oti "sudziwa mafilimu" ndi amene amaphwanya magulu ambiri.

Kuti mtima ukhale pansi pa seweroli, yesani zinthu ziwiri. Katswiri wa za maganizo Daniel Kahneman ndi anzake anasonyeza kuti tikamakumbukira chinthu, pachimake ndi pamapeto zimalemera kuposa zina zonse. N'chifukwa chake magawo 6 akuphimbirani magawo 67. Pakapita miyezi ingapo mudzaonenso masizoni anayi oyambirira, mudzapeza kuti ubwino wake uli pomwepo. Chachiwiri, tengani kope mulembe mathero anu. Musaseke, anthu ambirimbiri padziko amachita zimenezi ndipo amaika nkhani zawo pa masamba ngati Archive of Our Own. Ndimapereka ntchito yomweyi kwa ophunzira anga. Ambiri amabwera atazindikira kuti kumanga zingwe zonse zija n'kovuta kuposa mmene ankaganizira, ena amabwera ndi mathero abwinodi kuposa a pa TV, ndipo onse amabwera mkwiyo utaphwa.

Pali pamene ndingakuuzeni kuti nkhaniyi yapitirira sewero. Usiku umodzi wosagona si vuto. Koma ngati papita masabata awiri kapena kuposa tulo tikusowabe, chakudya sichikukoma, zinthu zimene munkakonda sizikukusangalatsani, kapena mukupsera mtima mayi ndi ana pa zinthu zazing'ono, pitani kuchipatala mukafotokoze. Zipatala za m'maboma ndi zikuluzikulu zili ndi anamwino ndi madokotala oona za maganizo, ndipo kupitako si manyazi. Chimodzimodzi ngati mukuona kuti mumaonera mpaka mbandakucha pothawa china chake, kaya ngongole, ntchito yatha, maliro amene simunalire mokwanira, kapena kusamvana m'nyumba. Kawirikawiri munthu akaphulika chonchi pa nkhani yongopeka, pamakhala katundu wina amene anasenza kale, ndipo seweroli linali pobisalira. Mlangizi, mbusa kapena shehe amene mumamukhulupirira angathandize kumasula katunduyo. Maganizo ofuna kudzivulaza akabwera, musadikire masabata awiriwo, uzani munthu tsiku lomwelo. Ndipo mukadziona mukulembera osewera kapena anthu osawadziwa mauthenga otukwana ndi oopseza, imani pomwepo. Kuno kwathu lamulo la 2016 loona za ntchito za pa intaneti limaika kuzunza munthu pa intaneti m'gulu la milandu.

Za House of the Dragon, yambani, koma mudziwe chimene mukulowa. Inayamba mu Ogasiti 2022, ndipo nkhani yake yatengedwa m'buku la Martin la 2018 limene linafotokoza kale nkhondoyo mpaka kumapeto kwake, choncho vuto lija la mabuku kuthera panjira palibe. Si kuti madandaulo kulibe. Sizoni yachiwiri ya mu 2024 inali ndi magawo 8 ndipo ambiri anati inatha nkhondo yaikulu isanafike, ndipo Martin mwini wake anadandaula poyera za zina zimene anasintha. Ndi nkhani ya banja limodzi lodyana lokhalokha, mulibe munthu woyera woti mumuikire mtima wonse ngati munachitira ndi Daenerys, ndipo amene mudzamukonde musayembekeze kuti zimuthera bwino. Muzionera gawo limodzi kapena awiri pa sabata m'malo momeza sizoni yonse usiku umodzi, musafufuze maina a atengambali pa intaneti chifukwa imfa zawo zinalembedwa kale paliponse, ndipo mavidiyo olosera muwasiye mpaka mutamaliza.